Bambo Anamva Kuti Woyera

9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana ndi amayi. Bambo nawonso, ngakhale moni wanga saulandira. Ine kuno ndilipo. Ndinadzicheka chala ndi tambula yosweka koma chapola.

Nkhani ndi iyi: andichotsa kotsuka mbale. Mtima ukhale m'malo, sanandithamangitse, andikweza. Tsopano ndimavala malaya oyera ndi epuloni yakuda, ndimathira vinyo kumatebulo. Zinayamba mwangozi. Tsiku lina anabweretsa kukhitchini matambula ochokera kwa alendo, ine ndisanawaviike m'madzi ndinangoti, "Vinyo uyu akununkha katoni yonyowa." Anandimva mayi amene amayang'anira vinyo yense panyumba pano. Timawatcha Amphuno, chifukwa mphuno yawo imalowa m'tambula iwo asanapereke moni. Ananunkhiza, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati botolo lonselo linali loonongeka ndipo alendo anamwa osadziwa. M'mawa mwake anandiikira matambula asanu kuti ndinene za m'menemo. Mphuno yanga imene munkaiseka ija, kuti imadziwa ndiwo za kwa aneba zisanapse, lero ikutidyetsa.

Andipatsa mbali ya vinyo woyera, wofiira ali ndi eni ake. Kuyera kwake si kwa mkaka ayi, amaoneka ngati madzi amene mwaviikamo udzu wouma. Amene amatuluka kwambiri ndi wina wowawasa pang'ono, timamusunga m'ndowa ya madzi oundana. Ukamununkhiza umamva gwafa wosapsa ndi udzu wongomweta kumene. Ukamuika pakamwa amayamba ndi mandimu, malovu n'kudzaza, kenako kumbuyo kwenikweni kumabwera kauchi kakang'ono kamene kamathawa usanakagwire bwino. Amphuno amati mulinso fungo la mwala wonyowa ndi mvula yoyamba. Ndinaseka, ndinati anthu okhuta amasowa zonena. Koma mulidi.

Ndikudziwa zimene mwayamba kuganiza. Sindimeza. Timalawa n'kulavulira m'kandowa kachitsulo, ndilo lamulo la ntchito. Chiyambire tsiku la ukwati wa mlongo wanga, pamene ndinagwetsa tebulo la mphatso nditaledzera, bambo n'kunena pamaso pa mpingo wonse kuti alibe mwana wamwamuna, dontho silinadutse pakhosi panga. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Koma kwa bambo wothira ndi womwa ndi munthu mmodzi, ndiye za vinyozi zisawafike. Akafunsa, ngati angafunse n'komwe, muziti ndili kunyumba yodyera.

Ndatumiza kangachepe ndi dalaivala yemwe uja. Wamkuluyo mumugulire nsapato zokulirapo, phazi lake silidikira. Denga la khitchini musadikire kuti likugwereni.

Ine mwamuna wanu.

20 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti chifuwa cha wamng'onoyo chatha, ndathokoza. Ine m'thupi ndili bwino, koma tulo ndilibe chilandirire kalata yanu.

Inu, mwandiika pati? Ndinati za vinyo zisafike kwa bambo, inu n'kukawerengera amayi kalata yanga pakhonde, pansi pa zenera la chipinda chawo chenichenicho. Makutu a bambo timawadziwa tonse, amatola mawu awiri n'kutaya khumi. Pa kalata yonse ija anatolapo "vinyo woyera" basi. Mwalemba kuti anakuitanani nati, "Mwati woyera?" inu n'kuyankha kuti, "Eya, woyera." Bodza simunanene, ndikuvomera. Koma nkhope yawo munaiona. Munadziwa kuti iwo akuganiza woyera wa pa Mgonero, madzi a mphesa osaledzeretsa aja amene akhala akuthira m'timakapu kutchalitchi zaka makumi atatu. Munadziwa, n'kutseka pakamwa.

Ndimafuna kukukalipirani mpaka pansi pa pepala, koma mu envelopu munali kapepala kena. Dzanja la bambo ndinalizindikira ndisanatambasule, ngakhale layamba kunjenjemera. Ndinakawerengera m'chipinda chosungira mabotolo, mozizira muja, nditatseka chitseko. Mizere inayi yokha. "Mwana wanga, ndamva kuti ukutumikira pa vinyo woyera. Unagwa ndi chikho, Mulungu wakudzutsa ndi chikho. Uzisamba m'manja bwino. Ine bambo ako."

Ndinakhala pabokosi ndikulira, mpaka Amphuno anagogoda kufunsa ngati ndaswa kanthu. Mawu awiri oyambawo ndawadikira zaka zonsezi, ndipo andipeza nditakhala pakati pa mabotolo mazana a mowa.

Zoona ndidzawauza, koma osati mwezi uno. Ndikhaleko kaye mwana wawo pang'ono. Ndawayankha mwaulemu, ndafunsa za munda ndi za bondo lawo, za ntchito sindinatchule.

Mwati akuonda ndipo chakudya akungochiyang'ana. Apite kuchipatala, akakana muwatumire amayi, iwo ndi amene amawatha. Ya mayendedwe ndaika mu envelopu muno.

Ine mwamuna wanu.

2 Meyi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Kuno kwayamba kuzizira, bulangete limodzi silikukwana, koma ndili bwino. Zimene anena adokotala za bambo ndazimva. Sindizibwereza pano, inu mukuzidziwa, ine ndikuzidziwa.

Mwati mankhwala akuwachititsa kuti chilichonse chizimveka chitsulo mkamwa. Pamenepa mwina ntchito yangayi ingathandizeko. Lolemba lililonse tisanatsegule, wophika wamkulu amatiikira timbale pamzere, Amphuno n'kumathira, ife n'kumalawa kuti tidziwe chouza alendo. Wophikayo ndi munthu waukali, amatukwana poto ngati akumva, koma dzanja lake ndi lodala. Woyera wanga uja amagwirizana ndi nsomba yowotcha ya mchere ndi batala. Mafuta akamata lilime, kuwawasa kuja kumabwera n'kutsuka, ndiye kuluma kwachiwiri kumakoma ngati koyamba. Amagwirizananso ndi nkhuku yophikira mumsuzi wa mkaka, ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi. Tchizi chimenecho pachokha chimanunkha khola, inu simungachilowetse m'nyumba, koma ukatsatiza vinyoyu fungo la khola limachoka, pamatsala mchere ndi kufewa. Ndi nyama ya ng'ombe amasowa, ngati wamwa madzi. Ndi tsabola wambiri amayaka pakamwa. Ndi zotsekemera amasanduka viniga. Mlendo wina anaitanitsa ndi keke, ndinamuchenjeza, sanamve, anakwinya nkhope n'kunena kuti botolo ndi loipa.

Vinyo bambo sangamwe, koma nzeru yake angadye. Chimene chimatsegula mkamwa ndi kuwawasa ndi mchere. Muwaphikire nsomba yopanda mafuta ambiri, mufinyirepo ndimu itapsa kale, osati ili pamoto, apo ayi imawawa. Msuzi wa nkhuku chimodzimodzi. Asanadye achukuche mkamwa ndi madzi ozizira ofinyiramo ndimu. Supuni yachitsulo muisiye, muwapatse yamtengo. Muziwaikira pang'ono m'mbale yaing'ono, mbale yodzaza imaopsa wodwala.

M'kapepala kawo kachiwiri afunsa kuti vinyo woyera wa kuno amakoma bwanji. Ndawalembera za gwafa, za mandimu, za kauchi kaja. Mulibe bodza ngakhale limodzi m'menemo, koma polemba dzanja limalemera.

Pali chinanso chimene mwalemba. Mwati bambo anaimirira m'tchalitchi atagwira benchi, n'kuuza anthu kuti mwana wawo wabwerera ndipo akutumikira. Pamenepo mukanawakoka malaya, ngakhale ndikudziwa kuti mpongozi sakoka malaya a apongozi ake. Mlonda amene ndimagona naye chipinda ndinamuuza zonse. Anangopukusa mutu nati, "Achimwene, bodza lokoma limakula ngati dzungu, sulimva likukula." Ndinamuuza kuti asamale za geti lake, koma akunena zoona.

Mandimu mugule ambiri, a pamtengo wathu uja ndi ouma. Wamng'onoyo mumuuze kuti chithunzi chake cha galimoto ndachimata pakhoma.

Ine mwamuna wanu.

18 Juni

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Amayi muwauze kuti azipumako, kudwazika kumadwalitsa. Ine ndilipo.

Nditamva kuti bambo anamaliza nsomba yonse n'kupempha ina, ndinayenda tsiku lonse ngati andipatsa mphoto. Wophika wamkulu anafunsa kuti ndikusekerera chiyani. Tsopano mwati zabwereranso, supuni ziwiri basi, ndipo miyendo yakana.

Kapepala kawo kachitatu munakaona musanamate envelopu, ndiye mukudziwa. Kutchalitchi sapitanso, abusa adzabwera kudzawapatsa Mgonero kunyumba, ndipo akufuna vinyo wake achokere m'manja mwanga. "Botolo limodzi, mwana wanga, ndilaweko ndisanapite." Chibadwire changa bambo sanandipemphepo kanthu, ngakhale sopo.

Ndagwira njakata. Bambo mowa sanaulawepo chibatizidwire. Ndikatumiza botolo, ndawamwetsa mowa pa Mgonero wawo womaliza iwo osadziwa. Ndikapanda kutumiza, ndamana munthu wodwala chinthu chimodzi chokha chimene wandipempha. Ndikanena zoona, "mwana wanga" uja watha. Mlonda wati ndingogula madzi a mphesa oyera m'sitolo, ndithire m'botolo lina, nditumize, nkhani yatha. Ndaiganizira nzeruyo masiku awiri. Koma kusiya munthu amve molakwa pakhonde ndi kwina, kumunamiza pa Mgonero ndi kwina. Mtima umenewo ndilibe.

Ndinayesa kufotokozera Amphuno kuti m'chilankhulo chathu mawu amodzi omwewo, akuti woyera, amanena laimu wa pakhoma, amanenanso Mzimu. Anaseka, ataona nkhope yanga analeka. Poweruka anandipatsa botolo la woyera yemwe uja, lokulungidwa bwino m'pepala, ati mphatso ya bambo, adye ndi nsomba. Sanamvetse, koma mtima wawo ndi wabwino. Mtengo wake mungagule mbuzi. Lili pansi pa bedi, kuseri kwa nsapato.

Pakadali pano muwauze bambo kuti dalaivala akukana kunyamula zamagalasi. Zimenezo zitigulira milungu iwiri kapena itatu.

Mwafunsa ngati ndingabwere. Mapepala anga mukuwadziwa mmene alili. Ndikatuluka m'dziko muno, chipata chitsekeka kumbuyo kwanga, ndiye mankhwala a bambo agula ndani? Sabata yatha apolisi anatenga anzathu awiri pokwerera basi, mmodzi anali ndi mkate m'manja. Tisiye pomwepo.

Ine mwamuna wanu.

7 Julayi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule, dalaivala anyamuka masana ano.

Mwati masiku ano bambo akugona kwambiri, ndipo akatsegula maso amafunsa ngati galimoto yafika. Sindingawasiye akudikira chinthu chimene sichikubwera. Mu envelopu muno muli pepala la bambo. Ndalilemba kanayi, atatu ndang'amba. Muli zonse. Kuti nyumba ino ndi yodyera anthu a ndalama, si ya mpingo. Kuti woyera ndi mtundu chabe. Kuti amaledzeretsa ngati wina aliyense, ndipo ndimathirira anthu mpaka ena amatuluka akudzandira, ine n'kuwatsegulira chitseko. Kuti ndinadziwa kuti amva molakwa ndipo ndinakhala chete chifukwa mawu awo anandikomera. Ndalembanso kuti sindimeza, ngati zimenezo zili ndi ntchito kwa iwo. Kumapeto ndawapempha kuti ngati angathe, anditchebe mwana wawo ndili chonchi.

Muwawerengere inuyo, mokweza, pafupi ndi khutu lakumanja, amayi atapita kumunda. Musadumphe mzere. Ndikukudziwani, mtima wanu ndi wofewa ndipo mumakonda kusalaza zinthu. Ulendo uno musasalaze. Chimene anene mundilembere monga anenera, ngakhale chikhale cholasa.

Ndikuopa, sindikubisirani. Koma ndikufuna andidziwe.

Ine mwamuna wanu.

29 Julayi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikungokhulupirira, popeza simukundiuza kanthu.

Milungu itatu yatha popanda yankho. Dalaivala walumbira kuti envelopu anakupatsani m'manja. Pafoni mumangoti "ali chomwecho" n'kupatsira ana. Munawerenga? Anati chiyani? Ngati andikananso nenani, khungu langa linazolowera. Chimene sindingathe ndi kukhala chete kwanuku.

Loweruka kunabwera mkulu wina ndi mwana wake wamwamuna, wa msinkhu wangawu. Mkuluyo amayenda ndi ndodo, mwanayo anamukokera mpando. Anaitanitsa nsomba, ine ndinawauza za woyera uja monga mwa masiku onse. Nditathira pang'ono kuti alawe, mwanayo anakankhira tambula kwa bambo ake. Mkuluyo analawa, anakwinya mphuno nati ndi wowawasa ngati mkazi wake woyamba, onse awiri n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndinaima pamenepo ndi botolo m'manja, ndinaiwala kuthira. Anachita kundikumbutsa.

Lolemba pa kulawa kuja Amphuno anandipatsa tambula, ndinanunkhiza, ndinalawa, sindinamve kanthu. Gwafa kulibe, mandimu kulibe, madzi basi. Anati ndatopa, ndipume tsiku limodzi. Kandowa kolavulira kanali pomwepo patebulo, koma ndinachedwa kukafikira. Kamodzi kokha. Musauze munthu.

Ndatumiza ya mankhwala. Chonde lembani, ngakhale mzere umodzi.

Ine mwamuna wanu.

25 Ogasiti

Mayi a ana anga,

Sindikufunsani ngati muli bwino, nyumba ya maliro ndikuidziwa. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Zikomo pa zonse zimene munasenza ndi mlongo wanga ine kulibe. Tsiku loika maliro ndinali pantchito. Ndinathira matebulo khumi ndi anayi, ndikumwetulira, palibe mlendo anadziwa.

Kalata yanu ndaiwerenga. Ndiye pepala lija simunawawerengere. Munakwera basi kupita m'tauni, munagula madzi a mphesa oyera, munathira m'botolo lina mutachotsa chipepala chake, n'kuwauza kuti dalaivala wafika. Nzeru ya mlonda ija ndinakulemberani ndine ndi dzanja langa, ndiye chala ndiloze ndani? Mwati abusa anawapatsa pa supuni, iwo anasunga mkamwa nthawi yaitali asanameze, nati, "Mandimu aja ndawamva. Mwanayu sananame." Madzi a m'sitolo aja ndi shuga yekhayekha, mulibe ndimu, ndipo lilime lawo linali litafa kale. Mwati kenako anagwira botololo pachifuwa n'kundipempherera, kunditchula dzina langa lonse, kuti manja anga akhalebe oyera.

Ndinakukwiyirani masiku atatu, ndipo foni yanu ndinkaiona ikulira osayankha. Tsiku lachinayi ndinadzifunsa kuti ndikanakhala ine pambali pa bedi, ndikuona nthiti zawo zikukwera n'kutsika, ndikanawerenga kodi? Sindikanawerenga. N'kosavuta kulimba mtima uli kutali, ukutuma mnzako. Munawapatsa imfa yofewa, ndipo amayi ali ndi chowatonthoza. Ndikukuthokozani, ndipo sindikunena mwamwambo chabe.

Koma ndikuuzeni chimene chikundidya, popeza ndilibe wina womuuza. Mwana amene bambo anamudalitsa uja ine sindikumudziwa. Sanabadwe n'komwe. Ine weniweni anandiona komaliza paukwati paja, ndipo chimene ananena tsiku lija sanachibweze, chifukwa inu ndi ine sitinawapatse mpata. Mwina akanandikananso. Mwina akanatembenukira kukhoma tsiku lonse, madzulo n'kukuitanani kuti, "Tengani pepala, mumulembere." Zimenezi sindidzazidziwa.

Botolo la Amphuno ndabweza losatsegula. Lilime layamba kubwerera pang'onopang'ono, ntchito ndikupitiriza, ana adye. Amayi akafunsa muziti ndikadali pomwepo. Akulu a mpingo akadzafuna botolo lina, muwauze kuti kuno anasiya kugulitsa kunja. Jekete la bambo lakuda lija muwapatse amalume, ine lindikulira.

Pepala lija musaliwotche, ndipo amayi asalione. Muliike m'sutikesi, pansi pa zovala zanga. Sindikudziwa kuti ndidzawerengera ndani.

Ine mwamuna wanu.